Kaphikidwe ka buledi wa tirigu pakhomo, kuti asamatuluke wolimba

Funso limene limandifika kawirikawiri pa nkhani ya buledi ndi limodzi, kungoti ofunsa amalinena mosiyanasiyana. Wina amati buledi wake akutuluka wolimba gwa, wina amati akung'ambika m'mbali, wina amati anafufuma bwinobwino koma atangolowa mu uvuni anaphwa pakati. Onsewa amamaliza ndi mawu amodzimodzi: "Komatu ndinatsatira zonse zimene zinalembedwa." Ndimawakhulupirira. Vuto ndi lakuti malangizo ambiri amangoti dikirani ola limodzi, pomwe yisiti siidziwa wotchi. Yisiti ndi chamoyo. Kukatentha imagwira ntchito mothamanga, kukazizira imachita ulesi, choncho ola la m'khitchini mwa amene analemba malangizo silingafanane ndi la m'khitchini mwanu. Ndaganiza zolemba zonse pano kamodzi. Ndichedwa kwambiri pa sitepe 7, chifukwa buledi wambiri amaonongekera pamenepo.

Izi ndi zokwanira buledi mmodzi wa m'chitini chachikulu, chotalika masentimita pafupifupi 23 ndi 13 m'lifupi:

- ufa woyera wa buledi, magalamu 350
- ufa wa tirigu wosachotsa madeya, wabulawuni uja, magalamu 150
- madzi ofunda, mamililita 340
- mchere wosalala, magalamu 10
- yisiti youma, magalamu 7
- mafuta ophikira, supuni yaikulu imodzi
- shuga, supuni yaing'ono imodzi, ngati mukufuna

Musanagule ufa, dziwani chimene mukuufunira. Tirigu ali ndi mapuloteni awiri, glutenin ndi gliadin, amene akanyowa amalukana n'kupanga chinthu chotamuka chotchedwa guluteni. Yisiti ikamadya shuga wa mu ufa imatulutsa mpweya wa carbon dioxide, ndipo guluteniyu ndi amene amatsekera mpweyawo m'timatumba tating'onoting'ono kuti usathawe. Kufufuma kwa mtanda n'kumeneko. Ndikamati mtanda ndikunena ufa wosakaniza ndi madzi uja, kuyambira pamene mwaukanda mpaka ukalowe mu uvuni.

Tembenuzani paketi ya ufa muone pamene alemba mapuloteni. Ufa wa buledi umakhala ndi magalamu 11 mpaka 13 pa magalamu 100 alionse. Wa makeke umakhala ndi 7 mpaka 9, ndiye ngakhale mutaukanda tsiku lonse sungakupatseni buledi wotukuka. Ufa wolembedwa kuti self-raising musautenge, muli kale chofufumitsira cha makeke. Ufa wabulawuni ndi umene umapatsa buledi fungo lenileni la tirigu, koma madeya ake amamwa madzi ambiri komanso amadula guluteni, n'chifukwa chake buledi wa ufa wabulawuni wokhawokha amakhala wolemera. Ndaika magawo atatu okha pa khumi kuti muyambe ndi mtanda wosavuta. Mukazolowera muzionjezera, koma ndi madzi omwe. Muziununkhiza ufa wabulawuni musanaugwiritse ntchito, chifukwa uli ndi mafuta a m'njere amene amaonongeka ukakhalitsa, ndipo buledi wake amawawa.

1. Yezani pa sikelo

Kapu ndi yonama. Kapu imodzimodzi ikhoza kutenga magalamu 120 a ufa mukathira mopepuka, kapena kuposa 150 mukatapa motsindira. Pa makapu anayi kusiyanako kumapitirira magalamu 100, ndipo ufa wochuluka chonchi umaumitsa mtanda musanayambe n'komwe kukanda. Madzi nawo mukhoza kuyeza pa sikelo pomwepo, pakuti mililita imodzi ya madzi imalemera galamu imodzi.

Ophika buledi amawerengera chilichonse poyerekeza ndi ufa. Ufa ukakhala 100, madzi pano ndi 68, mchere 2, yisiti 1.4. Mukasunga manambala amenewa m'mutu, mukhoza kuphika buledi mmodzi kapena asanu popanda kufunsa munthu.

Ngati sikelo mulibe, takasani ufa kaye, muuthire m'kapu ya mamililita 250 ndi supuni, osatsindira, kenako musalaze pamwamba ndi mpeni. Makapu 4 otere amayandikira magalamu 500. Mchere ukhale supuni yaing'ono imodzi ndi theka kapena kupitirira pang'ono, yisiti masupuni aang'ono awiri.

2. Konzani madzi ndi yisiti

Madzi akhale ofunda ngati osambitsira khanda, madigiri 35 mpaka 38. Mukaviika chala musamve kuotcha. Yisiti imafa madzi akafika cha m'ma 55 mpaka 60, ndipo ikafa palibe choidzutsa. Madzi ozizira saipha, amangoichedwetsa, choncho mukakayikira, ndi bwino alakwire kozizira.

Yisiti yolembedwa kuti instant imathiridwa mu ufa mwachindunji. Yolembedwa kuti active dry, ya timibulu tokulirapo, muisungunule kaye m'madzi ena a pa muyeso uja pamodzi ndi shuga, mudikire mphindi 10. Chitani chimodzimodzi ndi yisiti iliyonse imene paketi yake inatsegulidwa kalekale. Ikachita thovu pamwamba ndiye kuti ili moyo. Madzi akangokhala duu, tayani, musaononge ufa.

Mchere musausiye, ndipo musauchepetse kwambiri. Ntchito yake si kukometsa kokha. Umalimbitsa guluteni komanso umaigwira yisiti kuti isathamange. Mtanda wopanda mchere umafufuma mopupuluma, umananda, ndipo buledi wake amakhala wozizira m'kamwa. Chofunika n'kuusakaniza mu ufa kaye, osauthira pamwamba pa yisiti yonyowa.

3. Sakanizani, kenako musiye

Thirani ufa wonse, mchere ndi yisiti m'beseni, musakanize. Thirani madzi ndi mafuta, muvundule ndi dzanja kapena supuni yamtengo mpaka pasaoneke ufa wouma paliponse. Mtanda uoneka wonyansa, wamabumamabuma, womata. Palibe cholakwika. Uvundikireni ndi mbale kapena pulasitiki, muusiye mphindi 20 mpaka 30.

Ambiri amadumpha pamenepa chifukwa amaona ngati n'kutaya nthawi, chonsecho kupumaku kumakuchotserani theka la ntchito yokanda. Ufa umamwa madzi modekha, madeya amafewa, guluteni amayamba kulukana yekha. Katswiri wa buledi wa ku France, Raymond Calvel, anafotokoza njira yopumitsa mtanda chonchi mu 1974. Iye ankapumitsa ufa ndi madzi zokha, mchere n'kubwera pambuyo, koma pa buledi wa pakhomo kuthira zonse pamodzi kumagwirabe ntchito. Mukavundukula mupeza mtanda womwe uja wasalala, ukutamuka mukaukoka.

4. Kandani, ndipo thumba la ufa mulitseke

Buledi wolimba amayambira pano kawirikawiri. Mtanda ukumata m'manja, munthu amawaza ufa patebulo. Ukumatabe, amawazanso. Pomaliza mtanda wasiya kumata, wakandika mosavuta, munthu n'kumasangalala, osadziwa kuti waonjezera ufa wodzaza manja angapo ndipo muyeso wa madzi uja wasokonekera. Mtanda wa buledi wofewa umayenera kumata pang'ono. Kumatako kumachepa kokha guluteni akamalimba.

Pakani timafuta pang'ono patebulo ndi m'manja m'malo mwa ufa. Kankhirani mtanda kutsogolo ndi m'munsi mwa chikhatho, muupindire kwa inu, muuzungulize pang'ono, mukankhenso. Mphindi zitatu zoyambirira zimatopetsa ndipo zala zimadzaza mtanda. Pitirizani. Zomatirira patebulo muzipala ndi kachipangizo kapulasitiki kapena mpeni wosathwa, muzibwezera mu mtanda. Zala zikamata kwambiri, sambani, mupukute, mupake mafuta, muyambirenso. Pakatha mphindi 8 mpaka 10 mtanda umasintha m'manja mwanu momwemo: umasalala, umachoka patebulo wonse pamodzi, ndipo mukaukankha umabwerera.

Kuti mutsimikize, dulani kachidutswa, mukatambasule pang'onopang'ono ndi zala mbali zonse. Kakapyapyala mpaka kuwala kumaonekera kuseri kasanang'ambike, mwamaliza. Kakaduka msanga, kandaninso mphindi ziwiri kapena zitatu. Chifukwa cha madeya, mtanda uwu ung'ambika msangako kusiyana ndi wa ufa woyera wokhawokha, ndiye musadzivutitse kufunafuna kupyapyala kopitirira.

Amene manja amawavuta, pali njira ina. Siyani mtanda m'beseni, munyowetse dzanja, mukoke mbali imodzi m'mwamba n'kuipindira pakati, muchite choncho mbali zinayi. Vundikirani, mubwereze pakatha mphindi 15 kapena 20, mpaka kanayi. Imatenga nthawi koma buledi wake sasiyana.

5. Kufufuma koyamba

Ikani mtanda m'chiwiya chopaka mafuta, muvundikire kuti pamwamba pasaume. Ngati muli ndi chiwiya cha mbali zoongoka choonekera mkati, gwiritsani ntchito chimenecho ndipo mulembe chizindikiro pamene mtanda wafika. M'beseni lotambalala n'kovuta kudziwa ngati mtanda wakuladi kawiri, maso amanyenga. Mukufuna ufike pafupifupi kawiri kukula kwake. Pa madigiri 24 mpaka 27 zimatenga ola limodzi kapena ola ndi theka. M'nyumba yozizira zikhoza kupitirira maola awiri, ndipo palibe vuto.

Musauike padzuwa kapena pambali pa moto pofuna kuufulumizitsa. Ukatentha kupitirira madigiri 30 umafufumadi msanga, koma umanunkha mowa ndipo umakhala wofooka, kunja kumafufuma mkati musanayambe. Ine ndimakonda mbali inayo, yochedwetsa. Mukachepetsa yisiti ndi theka n'kugoneka mtanda m'furiji usiku wonse, buledi wake amakoma kwambiri kuposa wa maola atatu, ndipo amachedwa kuuma. M'mawa muutulutse, ukhale panja mphindi 30 kapena kuposerapo musanauumbe.

6. Umbani

Pano mukhoza kuwaza ufa pang'ono patebulo. Khuthulani mtanda mosamala, muupsinje ndi zala kuti mpweya waukuluukulu utuluke, muutambasule ukhale wamakona anayi, m'lifupi mwake mofanana ndi kutalika kwa chitini. Palibe chifukwa choumenya nkhonya. Yambani kuukulunga kuchokera mbali yakutali kubwera kwa inu, ndipo mukakulunga kamodzi muzitsindira ndi zala zazikulu kuti pamwamba pakokeke. Mukafika kumapeto tsinani msoko wonse utsekeke, muuike m'chitini chopaka mafuta, msoko uli pansi.

Chimene mukufuna ndi khungu lokungika pamwamba, chifukwa ndi limene limachititsa mtanda kukwera m'mwamba m'malo momwazika. Mukakulunga mwalende mumapeza mphako mkati mwa buledi. Mukathira ufa wambiri pokulunga, mizere yake siigwirana ndipo buledi amapatukana podula. Mtanda ukamakana kutambasuka, kumangobwerera, usiyeni mphindi 10 wovundikira, ufewa wokha. Ukalowa m'chitini uyenera kufika pafupifupi theka la chitinicho kapena kupitirira pang'ono.

7. Kufufuma kwachiwiri: kudziwa nthawi yolowetsa mu uvuni

Apa malangizo ambiri amangolemba mzere umodzi, chonsecho maonekedwe onse a buledi amagamulidwa pano.

Muyambe mwamvetsa zimene zikachitike mu uvuni. M'mphindi 10 zoyambirira mpweya wa mu mtanda umafutukuka ndi kutentha, madzi ena amasanduka nthunzi, yisiti nayo imagwira ntchito mwaliwiro mpaka mkati mutafika cha pa madigiri 60 pamene imafa. Buledi amakwera kotsiriza, kenako amauma m'maonekedwe amene wafikawo. Kuti akwere bwino, guluteni ayenera kulowa mu uvuni akadali ndi mphamvu yotamukira. Mukalowetsa msanga, mtanda uli wothina, mphamvu ya kukwerako imaphulitsa khungu pamene lafooka, nthawi zambiri m'mbali, cha pamlomo pa chitini, ndipo mkati mumakhala mothinana. Mukachedwa, timatumba ta mpweya tija timakhala titakokeka mpaka pomaliza, ndiye kutentha kukangotionjezera timaphulika, buledi n'kuphwa. Nthawi yoyenera ndi pamene mtanda watsala pang'ono kufika pachimake, osati utafika kale. Kukatentha, mpata umenewu ukhoza kukhala wa mphindi 10 kapena 15 zokha.

Choyamba, vundikirani mosakhudza mtanda. Lowetsani chitini m'jumbo yaikulu yoyera, muikungire mpweya kuti itukuke, kapena mupake mafuta papulasitiki. Nsalu yomatirira pamtanda wofufuma imang'amba khungu poichotsa, ntchito yonse n'kuonongeka pa mphindi yomaliza.

Chachiwiri, yatsani uvuni msanga. Uvuni umafuna mphindi 20 mpaka 30 kuti utenthe mokwanira. Anthu ambiri amadikira mtanda ufufume kaye ndiye n'kumakayatsa, ndipo pamene uvuni ukutentha mtanda umakhala ukupitirira. Kukatentha, yatsani mukangomaliza kuumba. Kukazizira mukhoza kudikira mphindi 20.

Chachitatu, pakatha mphindi 25 yambani kuuyesa, ndipo muzibwereza mphindi 10 zilizonse. Viikani chala mu ufa, mudine mtanda cha kumbali, mwakuya sentimita imodzi, muchotse chala, muyang'anitsitse kadzenjeko.

Kakabwerera msangamsanga n'kufafanizika konse, mtanda sunakonzeke. Mumamvanso m'chala kuti ukukukankhani, uli nganganga. Vundikirani, mudikire.

Kakamabwerera pang'onopang'ono, n'kuima kasanathe, kusiya kachizindikiro kosaya, nthawi yake ndi imeneyo. M'chala mumamva kufewa kwa mpweya mkati, komabe muli kamphamvu. Lowetsani mu uvuni pompo.

Kakangokhala momwemo osabwerera, kapena mtanda ukaphwa mozungulira pamene mwadinapo, mwachedwa.

Chala chokha musachidalire, onaninso zina. Pa chitini cha muyeso uja, nsonga ya mtanda imakhala itapitirira mlomo wa chitini ndi sentimita imodzi kapena awiri, itakwera mozungulira bwino. Mukagwedeza chitini pang'ono, mtanda umanjenjemera wonse pamodzi. Mukachinyamula chimamveka chopepuka poyerekeza ndi kukula kwa mtanda. Mtanda wopitirira umaonekera patali: pamwamba pamaphwatalala, pamatuluka matuza a mpweya pansi pa khungu, m'mphepete umayamba kulendewera kunja kwa chitini, ndipo fungo la mowa limamveka mukangovundukula.

Pali zinthu ziwiri zimene zimasokoneza kuyesa kwa chala. Mtanda wozizira, wochokera m'furiji, umabwerera mochedwa ngakhale usanakonzeke, ndiye pamenepo muziyang'ana kwambiri kukula kwake. Ufa wabulawuni nawo umafufumitsa msanga koma supirira kudikira, chifukwa guluteni wake ndi wodukaduka kale. Mukamaonjezera ufa wabulawuni, muzilowetsanso mu uvuni mofulumirirapo.

Nanga mukapeza kuti wapitirira? Musauphike choncho poganiza kuti mwina zikhala bwino. Ukhuthuleni, muupsinje mpweya utuluke, muuumbenso monga pa sitepe 6, muubwezere m'chitini. Ulendo uno ufufuma msanga, ndiye musatalikire. Kupulumutsa kotere kumatheka kamodzi kokha, chifukwa yisiti imakhala itadya shuga wambiri wa mu ufa, ndipo buledi wake amatuluka wotuwirako. Mukaona kuti mtanda watsala pang'ono kukonzeka koma uvuni sunatenthe, ikani chitini m'furiji, kuzizira kukugulirani mphindi zingapo.

Mukakhala pakati, osadziwa ngati wakwana kapena ayi, lowetsani. Buledi wolowa msanga pang'ono amangong'ambika m'mbali koma amadyeka bwino. Wochedwa alibe pokonzera.

8. Phikani

Uvuni ukhale pa madigiri 220, chitini chikhale pakati kapena m'munsi pang'ono. Ngati uvuni wanu uli ndi fani, chotsani madigiri 20 pa manambala onse a moto wa uvuni amene ndikutchulawa. Poyatsa uvuni muikiretu thireyi yachitsulo pansi. Ikhale yachitsulo, chifukwa yagalasi ikatentha imasweka ikakhudzana ndi madzi.

Ngati mukufuna, chekani mzere umodzi pamwamba pa mtanda ndi mpeni wakuthwa kwambiri kapena lezala, mwakuya sentimita imodzi, kamodzi kokha mosazengereza. Mzerewu umapatsa buledi malo otsegukira kuti asadzisankhire yekha. Mtanda umene wafufuma kwambiri musaucheke, uphwa.

Lowetsani chitini, muthire theka la kapu ya madzi otentha m'thireyi muja, nkhope ili kutali, mutseke chitseko msanga. Nthunzi imachedwetsa kuuma kwa khungu kuti buledi akwere mokwanira. Kwa mphindi 15 musatsegule, ngakhale mtima ukufuna. Zikatha, tulutsani thireyi ngati mwatsala madzi, mutsitse moto ufike pa 200, muphikenso mphindi 20. Uvuni wambiri umatentha kwambiri mbali imodzi, ndiye potsitsa motopo mutembenuze chitini.

Musaope mtundu. Kufiira kwa khungu kumabwera pamene shuga ndi mapuloteni zikuphikana pa moto waukulu, zimene wasayansi wa ku France Louis-Camille Maillard anafotokoza mu 1912, ndipo fungo lokoma la buledi limachokera pomwepo. Buledi wotuwa amakhala wosakoma, kawirikawiri amakhalanso wosapsa mkati. Pamwamba pakamada msanga nthawi isanakwane, phimbani ndi pepala la aluminiyamu.

Kuti mudziwe ngati wapsa, mukhuthuleni m'chitini mutagwira ndi nsalu, mugogode pansi pake ndi chala. Wakupsa amalira ngati mkati mulibe kanthu. Akamveka di di, kapena m'mbali mukakhala motuwa ndi mofewa, mubwezereni mu uvuni wopanda chitini kwa mphindi 5. Amene muli ndi choyezera kutentha chobaya, pakati pa buledi payenera kufika madigiri 93 mpaka 96. Nambala ya pa batani la uvuni siigwirizana nthawi zonse ndi kutentha kwenikweni kwa mkati. Ngati buledi wanu amatuluka wotuwa nthawi yonseyi itatha, uvuni wanu ndi wozizira, muzikweza ndi madigiri 10 kapena 15.

9. Dikirani azizire, kenako muwerenge zimene wakuuzani

Mtulutseni m'chitini nthawi yomweyo, mumuike pa waya kuti mpweya uzidutsa pansi. Akakhala m'chitini amachita thukuta, pansi n'kunyowa. Musamudule lisanathe ola. Ndikudziwa kuti fungo limakhala litadzaza nyumba ndipo aliyense akuzungulira patebulo, koma mkatimo sitachi amakhala asanakhazikike. Mukadula wotentha mpeni umakoka zomata, ndipo mumayamba kuganiza kuti sanapse pomwe anapsa. Ngati mumakonda khungu lofewa, pakani batala pamwamba akadali wotentha, kapena mumuphimbe ndi nsalu youma.

Mukadula, yang'anani kagawo ka pakati musanadye. Timabowo tating'ono tothinana, buledi wolemera, ndi mng'alu waukulu mbali imodzi zikutanthauza kuti munalowetsa msanga. Pamwamba pophwatalala kapena polowa mkati, mphako pansi pa khungu, ndi mkati monyenyeka zikutanthauza kuti munachedwa. Wouma ndi wolimba paliponse ngakhale anafufuma nthawi yokwanira, ufa unachuluka. Mzere wonyowa, wothinana, pansi penipeni umasonyeza kuti moto wa pansi unachepa kapena munamutulutsa asanapse. Pophika ulendo wotsatira musinthe chinthu chimodzi chokha. Mukasintha madzi, nthawi ndi moto pakamodzi, simudziwa chimene chathandiza.

Buledi wa pakhomo alibe mankhwala omuteteza, choncho amakhala bwino masiku awiri kapena atatu. Akazizira kwathunthu, musungeni m'nsalu yoyera kapena m'chiwiya chotseka, mbali yodulayo itayang'ana pansi. M'furiji musamuike. Kuzizira kwa m'furiji ndi kumene kumafulumizitsa sitachi kuuma, ndipo buledi amalimba msanga kuposa akanakhala patebulo. Ngati simumaliza, mdulenidulenitu, muike m'jumbo yotseka bwino, musunge mufiriza, muzitulutsa magawo amene mukufuna. Amene walimba kale, muwazeni timadzi pakhungu, mumuike mu uvuni wa madigiri 180 kwa mphindi 8 kapena 10, afewanso, koma mudye tsiku lomwelo. Akachita chuku, tayani yense. Kudula pamene paoneka chukupo sikuthandiza, chifukwa mu buledi mizu yake imalowerera kutali ndi pamene maso akuona.